Madzi alowa m'galimoto yanu

Achimwene,

Landirani moni wanga. Ndikhulupirira muli bwino ku Beira'ko. Kuno ku Chidzolomondo ana ali bwino, koma amayi chifuwa chija chawabwerera.

Lachiwiri anabanika kwambiri, ndiye ndinathamangira nawo kuchipatala ku Furancungo pagalimoto munandisungitsa ija, yoyendera gazolina ndi magetsi. Mtsinje wopanda mlatho uja unali utadzaza. Tikuwoloka, madzi analowa mpaka pansi pa mpando wakumbuyo, pomwe pali bateriya yaikulu, amayi atakhala pomwepo. Nyali yofiira inayaka, galimoto n'kuzima pakati pa mtsinje. Ndinakumbukira mawu anu akuti magetsi a bateriyayo amapha munthu.

"Mwanawe, taimiranji?" anafunsa amayi.

"Kwezani miyendo, amayi, musakhudze chitsulo."

Ndinawabereka mpaka kutsidya, wanjinga yamoto n'kutifikitsa kuchipatala. Awagoneka, ndipo akupezako bwino.

Galimoto tinaikoka ndi ng'ombe, ili pakhomo. Mekaniko wakuno wakana kuigwira. Ana ndawaletsa kuyandikira, komabe mtima suli m'malo. Chonde funsani odziwa kumeneko, mundiyankhe msanga: kodi ingayake moto yokha? Yaima pafupi ndi chigafa cha fodya.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Fernando