Madzi a achimwene

Amayi, kodi mukugona bwino uko muliko? Ine kuno kutsidya la nyanja ku Silver Spring ndine wosangalala zedi. Tiyanjane, mwana wa achimwene a Lameki uja, wachira. Mwana wamwamuna, makutu enieni anu aja. Ndinavina m'chipatala mpaka chitenje kugwa, manesi akungondiyang'ana.

Koma agogo ake aamuna sanamuone. A Lameki anatisiya nthawi yozizira ya sinoo, mwina mwakumana kale. Ngati sanakuuzeni mmene tinawasungira, mumve kwa ine. Sitinawaike m'manda, Amayi. Anakaniratu zokwezedwa ndege ali m'bokosi, motonso ankauopa chipsereni dzanja lija ali mwana. Ndiye Tiyanjane anapeza njira ya madzi. Munthu amamugoneka m'chithanki chachitsulo, madzi otentha ndi mankhwala, thupi n'kusungunuka, kutsala mafupa okha. Mafupawo amapera. Akuti ndi bwino, palibe utsi woononga mpweya. Anatipatsa kabokosi, m'kati muli mbuu ngati ufa woyera. Ndinafunsa kuti nanga madziwo? Akuti amatsika m'mipope ya zonyansa, amakawayeretsa, kenako kumtsinje. Mwana wanu woyamba, Amayi, m'mipope.

Chiyambire tsiku limenelo madzi a pampopi ndinasiya kumwa. Ndimasenza a m'mabotolo pa basi, msana ukuwawa. Kuntchito ndikamasambitsa nkhalamba za eni, mtima umati ndikugwira achimwene.

Tsono mchombo wa mwana wagwa, ndipo womusambitsa ndine azakhali, wamkulu wina kuno kulibe. Ndinapita ndi mabotolo anga. Tiyanjane atawaona anandilanda mwana. Akuti ngati bambo ake ndikunyansidwa nawo, mdzukulu wawonso ndisamukhudze. Ndinakhala m'mphepete mwa bafa manja ali lende. Apo m'pamene ndinakumbukira zija munkanena mvula ikagumula mizere: "Madzi saiwala khwawa." Ndinatsegula mpopi ndekha, ndinapisa chigongono kuyesa kutentha. Tiyanjane anandipatsa mwana. Ndikumuthira madzi pamutu ndinangoti, achimwene, mdzukulu wanu uyu. Tinalira tonse atatu.

Kabokosi kaja kali pamwamba pa wadirobu yanga. Ndikulonjeza, mapepala anga okhalira kuno akatuluka ndibwera nako ndekha, ndidzakakwirira kumapazi kwanu. Madziwo ndiye sindingathe kuwawola. Akafika kumeneko ndi mvula, muwalandire, musawakalipire.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Esinati