Ulusi wa pa Mwendo wa Mpando

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti ntchito yachuluka. Sabata ino ndikuyesa mayeso madokotala achinyamata amene akuphunzira opaleshoni.

Ndikawaona akumanga ulusi pa bala, ndimakumbukira nyumba yathu ija. Paja ndinkakuberani ulusi wa pa makina anu osokera, n'kumayeserera kumanga pa mwendo wa mpando mpaka mpandowo kumera ndevu. Munkandikalipira, koma mawa lake ndinkapeza ulusi wina pansi pa pilo. Ophunzira angawa ndimawanamiza kuti zala zangazi ndinabadwa nazo. Za ulusi wanu sindiwauza.

Lachitatu ndinkayesa mtsikana wina wofatsa, tikutseka pamimba pa wodwala. Chizolowezi changa n'chakuti ndimayamba ndine kusoka, wophunzira n'kupitiriza. Ndinagwira singano, koma inakana kulowa pomwe ndinkafuna, kawiri konse. Iye anangoti chapansipansi, "Adokotala, ndiloleni ndiyambe ineyo, muone ngati ndikutha." Anasoka bwino, ngati mmene ndinkasokera ine kale. Ndalemba kuti wakhoza, ndipo tikakumana pakhomo timangopatsana moni.

Musade nazo nkhawa, mwina n'kutopa chabe. Alamu anu sindinawauze, ali ndi zambiri kale. Koma poyankha mundikumbutseko, poti inu ndi amene munali pafupi: kodi bambo anali ndi zaka zingati pamene manja awo anayamba kuvuta, inu n'kuyamba kuwagwirira kapu ya tiyi?

Ndine mlongo wanu,
Wakuba ulusi uja