Mawu Amene Ndinameza Kukhoti

Lolemba, 3 Malichi

Chikhodzodzo chayambanso. Moto m'munsi mwa mchombo. Milandu inayi lero, ine chiimire pambali pa mboni, miyendo yopanikiza. Womasulira satuluka khoti lili mkati. A majisitireti akapanda kudzuka, palibe wodzuka.

Lachinayi, 6 Malichi

Zotsatira za mkodzo: mulibe tizilombo. Kachitatu tsopano. Shuga ayi, miyala ayi. Nanga n'chiyani? Achemwali akuti, "Uwafunse bwino amuna akowo." Bambo a ana ndi osalakwa, anakayezetsa kale mwakachetechete.

Lachitatu, 12 Malichi

Dokotala wina. Wandifunsa zimene anzake sanafunse: ndimamwa chiyani, mkodzo ndimaugwira maola angati. Ndaulula. Madzi ndinasiya kuti ndisamapitepite. Tiyi wowawa makapu anayi, kuti mawu asaphwe. Wagwira mutu. Akuti mkodzo wokhuthala umapsereza mkati mwa chikhodzodzo, tiyi n'kuwonjezera, ndipo minofu yozolowera kumanga imaiwala kumasuka. Mwina n'zimenezo, mwina ayi, tiona. "Mayi, mankhwala anuwo ndiye matendawo." Ndaseka, koma zandilasa.

Lachisanu, 21 Malichi

Ndachita choipa. Mlonda wachikulire, akumuganizira kuti anaba matayala. Walankhula motalika: anachoka pageti chifukwa abwana ake anamutuma kukagula mankhwala. Ine mkodzo uli pakhomo, thukuta kamukamu. Ndangomasulira kuti, "Akuti anachokapo pang'ono." Za kutumidwazo ndameza. Mdalayo n'kundithokoza, manja awiri.

Zaka khumi ndi zinayi sindinadulepo mawu a munthu. Ndikudzida.

Lolemba, 24 Malichi

Chigamulo mkuja. Ndikaulula, ntchito ikhoza kuthera pomwepo. Ndikakhala chete, mdala uja akalowa ndende chifukwa cha chikhodzodzo changa. Madzi ndayamba kumwa. Ululu sunasinthe.

Lachitatu, 26 Malichi

Ndakweza dzanja asanayambe kuwerenga chigamulo. Zopempha ziwiri: mlonda abwereze umboni wake chifukwa ndinaudula, ndiponso mphindi zisanu ndikataye madzi. A majisitireti anavula magalasi. "Tiyambe chiti?" Ndinati chachiwiricho.

Ndabwera, ndamasulira liwu ndi liwu, ngakhale pamene mdala amabwereza. Mlandu auimitsa, abwana aja aitanidwa.

Kalata imene akuluakulu anga andipatsa ku ofesi ili m'chikwama, sindinaitsegule. Mdala wandithokozanso potuluka. Lero ndinatha kumuyang'ana m'maso.