Dramu Lomwe Azakhali Anatsuka

Area 3,
Lilongwe.
18 Juni.

Okondedwa achimwene a Levison,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kupita kudimba? Ife kuno tilipo, ine ndi Leticia, kungoti thupi likundilemera ngati ndasenza nkhuni zaziwisi. Papita masabata atatu chiwaikireni m'manda alamu anu a Shadrick, koma m'mawa ndikamakonza tiyi ndimatulutsabe kapu yawo.

Mukukumbukira matanki awo a nsomba kuseri kwa nyumba. Madzi ake satayidwa. Pampu imawakoka, amadutsa m'dramu lodzaza miyala ndi zitsekerero za mabotolo, n'kubwerera m'matanki ali abwino. Malemu ankati ndere zoterera za m'dramumo ndiye mtima wa ntchito yonse, poti mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timadya poizoni wochokera m'ndowe za nsomba. Ine ndinkangovomera, maso ali pabuku langa.

Tsiku losesa lija, azakhali a Evelesi anatsogolera amayi a kumpingo kuyeretsa pakhomo ponse. Atavundukula dramulo anagwira pakamwa. Akuti anati munthu waukhondo ngati malemu sangasiye uve wotere anthu n'kumauona. Anakhuthula miyala yonse, kuikwecha ndi sopo, kuitsukuluza ndi madzi apampopi, n'kuibwezeramo ikuwala. Ine ndinali m'chipinda, sindinadziwe kanthu.

Patapita masiku anayi nsomba zinayamba kubwera pamwamba pa madzi, kukamwa kuli yasa. Pa makumba mazana atatu, ndatola akufa oposa makumi asanu ndi awiri. Ndimawakwirira m'munsi mwa mtengo wa mapeyala Leticia asanabwere kusukulu.

A Redson, anzawo a malemu amene amagulitsa chakudya cha nsomba ku Area 2, anabwera kudzaona. Anandipatsa ndowa ya miyala ya m'dramu lawo kuti ikhale ngati mbewu. Anati tizilombo tichulukanso pakatha masabata asanu ndi limodzi, mwina kuposerapo poti kukuzizira. Kufikira nthawiyo ndizichepetsa chakudya, ndizisintha madzi pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndipo magetsi akathima ndizithamangira kulumikiza batire kuti pampu isaime. Ndatopa, achimwene. Ndawerenga mabuku ambiri pamoyo wanga, koma a nsomba ndinkawalambalala. Tsopano ndikuwawerenga. M'mphepete mwa tsamba lina lonena za dramu, malemu analemba ndi pensulo kuti Ursula sadzafika pano. Ndinaseka, kenako ndinatseka bukulo.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikudziwa amayi akundiyembekezera kumudzi mwezi uno kuti ndikapume, monga tinagwirizana pamaliro. Mundilankhulire. Ndikachoka ngakhale sabata imodzi zotsalazi zitha zonse, ndipo ndilibe mphamvu zokwiriranso china cha a Shadrick chaka chino. Muwauze kuti ndibwera mu Ogasiti, miyala ikayambanso kuterera.

Koma za sopo zithere kwa inu, zisafike kwa azakhali. Anagwada maola awiri pasimenti yozizira akukwecha miyala ija, ndipo n'chikondi chinawagwaditsa. Akafunsa za nsomba, mungoti zikukula, ndipo zoyamba kuvuula zidzakhala zawo.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu a Esnati, amalume a Gladson, azakhali, ndi ana onse. Leticia akuti agogo amusungire mtedza wake.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Ursula