Bokosi la Magalasi ndi Maso a Mai Isaura

Zolembedwa za msonkhano wa Komiti ya Zaumoyo ya Chigwirizano, Malindi
Tsiku: Lachitatu, 14 Ogasiti 1991
Malo: Kalasi la sukulu ya mpingo

Opezekapo: a Basil Chitanda (Wapampando), a Gloria Mtalika (Mlembi), a Marita Kamzati (namwino), a Jose Afonso (oimira othawa nkhondo), a Zakaria Ajasi, a Sakina Twaibu.
Oitanidwa: a Willard Gomani, oimira bungwe lothandiza; a Isaura Saide, telala wochokera ku Mozambiki.
Opepesa: a Misheck Bwanali, ali ku usipa.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano ndi pemphero 2 koloko masana. Zolembedwa za msonkhano wapita zinavomerezedwa.

2. Kagawidwe ka magalasi

A Gomani anati bungwe lawo latumiza bokosi la magalasi, ndipo agawidwe Loweruka likubwerali. Anati aliyense azingoyesa pankhope mpaka apeze omuonetsa bwino, komanso olandira akhale othawa nkhondo okha.

A Kamzati anati magalasi sagawidwa ngati zovala za kaunjika. Anafotokoza kuti m'bokosimo asakanikirana owerengera, oonera patali, ndi ena okhuthala a anthu amene anachotsedwa ng'ala. Anakumbutsa komiti za a Atumani, msodzi, amene chaka chatha anadzisankhira okhuthala otere m'bokosi lina poti amaoneka apamwamba, ndipo anaphonya bwato pokwera n'kuthyoka mkono. Anati iwo sapereka galasi kwa munthu amene sanayezedwe maso.

A Gomani anayankha kuti ku ofesi akufuna lipoti mwezi uno.

A Afonso anapempha kuti mawu awo alembedwe momwe anawanenera: "Amene anandipatsa munda titafika kuno ndi a Dinala. Lero satha kuona ndi mzere wa chimanga womwe. Ndivale magalasi ine, ndizidutsa pakhomo pawo? Ngati eni mudzi salandira, ifenso sitilandira."

Chigamulo: Magalasi sagawidwa Loweruka. Adikire dokotala wa maso amene amabwera mwezi ndi mwezi. Aliyense woyezedwa alandire, wakuno kapena wothawa nkhondo.

3. Nkhani ya a Isaura Saide

A Kamzati anauza komiti kuti a Saide saona patali chiyambire ubwana, ndipo popanda magalasi sazindikira munthu ngakhale ataima pakhomo. Magalasi awo anaswedwa ndi anthu a mfuti tsiku limene anawadula makutu onse awiri. Kotero magalasi wamba alibe pokola. Dokotala atawayeza anati angathandizidwe ndi timagalasi ting'onoting'ono toika pa diso penipeni, timene timapezeka ku Blantyre. Tilipo ta mitundu iwiri. Tofewa sitivuta kuzolowera, koma timatha msanga ndipo timafuna mankhwala otsukira ambiri. Tolimba timakhala zaka, koma timapweteka masabata oyamba, ndipo fumbi likalowa diso limatuluka misozi. Tonse timafuna manja oyera ndi madzi owiritsa.

A Gomani anati bungwe lawo siligula zoterozo. Anati mayiwa amange magalasi wamba ndi chingwe kuzungulira mutu.

A Saide, amene Chichewa chawo chimasakanikira ndi Chiyao, anati chingwecho anayesa kale. Chimadutsa pa zipsera, ndipo zinatupa mpaka kutuluka mafinya.

A Gomani anati mwina njira ingapezeke ngati mayiwa atalola kujambulidwa atavula duku lobisa zipserazo, kuti opereka thandizo kunja akaone ndi kugwidwa chifundo.

A Saide anaimirira, nati: "Bambo, makutu anga anandilanda anthu a mfuti, ndinalibe mphamvu. Inu mulibe mfuti. Dukuli simundivula. Ine ndimasoka madiresi a ukwati, nsalu ili pamphuno. Mukafuna chithunzi, jambulani diresi."

A Gomani anati sanatanthauze chipongwe. Wapampando anati komiti yamva zimene anatanthauza.

Atafunsidwa mtundu umene akufuna, a Saide anasankha tolimba. Anati sangamapite ku Blantyre kawirikawiri, ndipo kuwawa kwa masabata ochepa si nkhani kwa iwo. A Kamzati anavomera, koma anati mawu omaliza ndi a dokotala akakayeza diso.

Chigamulo: Palibe chithunzi chijambulidwe. A Ajasi atenga a Saide ndi a Kamzati pa lole yawo ya nsomba kupita ku Blantyre Lolemba. A Twaibu apempha amayi a ku mzikiti, Mlembi apempha amayi a ku tchalitchi, kuti athandize ndi ndalama zogulira timagalasito.

4. Zina ndi zina

A Gomani anapempha kuti mawu awo okhudza duku achotsedwe m'zolembedwa. Mlembi anati amalemba zimene zanenedwa. Wapampando anafunsa ngati alipo wogwirizana ndi pempholi. Panalibe.

A Gomani anati ngati zili choncho, bokosi abwerera nalo ku Boma. Anapeza a Twaibu atalikhalira. A Twaibu anati msana ukuwavuta ndipo sangathe kudzuka msanga. A Gomani anadikira, kenaka anatuluka osatsanzika. Anakwera njinga yawo yamoto opanda bokosi.

A Saide anapempha Mlembi kuti awawerengere ndime 3 mokweza. Itawerengedwa anati ili bwino, ndipo akabwera ku Blantyre adzaiwerenganso okha, ali chokhala pabenchi la kumbuyo, ngati Mlembi angailembe pa bolodi. Mlembi anavomera.

5. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala pa 11 Seputembala, malo omwewa. A Ajasi anatseka ndi pemphero 4 koloko. A Twaibu anadzuka bwinobwino.

Basil Chitanda, Wapampando
Gloria Mtalika, Mlembi