Pagolo Pamaima Munthu Mmodzi

Lolemba, 23 Okutobala

Chipale chofewa choyamba chagwa m'mawa. Matayala a galimoto atha, msewu woterera.

Lero akhoma chikwangwani cha ligi yaikulu pakhomo la bwalo latsopano. Akuluakulu a koleji, masuti, zithunzi. Timu yathu ya hoke, masewero a ndodo a pa ayezi, tinaiyamba ife zaka zitatu zapitazo, m'bwalo lakale la tauni lomwe denga lake linkadonthera pa ayezi. Ochemerera anali makolo athu ndi galu wa Skalko, mnzanga wotchinga kumbuyo. Pagolo ndinali ine. Masewero onse, ine. Tinapambanapambana mpaka anatikweza.

Tsopano kwabwera Ondrej. Wa ku Slovakia, chaka choyamba pakoleji, wamtali ngati chitseko cha tchalitchi. Wapagolo ngati ine.

A Kochi Dahlquist anangoti, “Arlo, tiona mmene mukonzekerere nonse awiri.” Ndawadziwa zaka zitatu. Akati tiona, ndiye kuti anaona kale.

Lamlungu, 29 Okutobala

Kwa amayi. Tchalitchi, nyama ya gwape ndi mbatata, tulo ta masana.

Amayi auza tauni yonse za pa 10 Novembala, masewero oyamba a ligi pabwalo lathu. Aitana amalume a Vern akumgodi, azakhali, ngakhale abusa. Chomwe akufuna kuona n'chimodzi. Chitseko chikatseguka, wapagolo woyamba masewero ndiye amatsogolera timu kulowa pa ayezi, ena onse pambuyo pake. Akuti, “Zaka zonsezi ndakuona ukutsogolera anzako m'chishedi chodontha chija, mapazi anga akuuma. Ndikuonenso kamodzi m'nyumba yeniyeni, mtima wanga ukhale pansi.”

Za Ondrej sindinawauze.

Nanenso ndikulifuna tsikuli. Ndisaname, ndikulifuna kwambiri.

Lachinayi, 2 Novembala

M'basi, ulendo wa kum'mwera. Masewero awiri koyenda, mawa ndi mkuja.

A Kochi atchula dzina la woima pagolo: Ondrej. Ine pabenchi, kapu kumutu, thaulo m'khosi. Ntchito yanga kutsegulira anzanga kachitseko akamasinthana. Mlonda wa pageti wophunzira za migodi.

Skalko wandigunda paphewa. “Usade nkhawa mdala, akamuthira zigoli zitatu uyo athawira kwawo wapansi.” Ndaseka. Choipa n'chakuti mumtima ndati ameni.

Mwiniwake Ondrej wakhala yekha kutsogolo, chipumi pazenera. Chingerezi chake n'chothyokathyoka. Amanditcha mkulu. Sindikudziwa ngati ndi ulemu kapena chipongwe.

Lamlungu, 5 Novembala

Masiku awiri osalemba. Dzanja linkakana.

Lachisanu. Ondrej anamwetsedwa zigoli zinayi gawo lachiwiri lisanathe. A Kochi anatembenuka, n'kundilozera pagolo ndi chibwano. Pemphero langa lija. Chisoti kumutu, ndinalowa.

Paki yoyamba sindinaione. Kamphira kakuda komwe ndakhala ndikugwira chiyambire ubwana, osakaona. Ndinangomva ukonde ukugwedezeka kumbuyo kwanga, nyali yofiira, chiphokoso. Yachiwiri ndinaiona ikuchoka pandodo, basi. Sikuti ndinaima molakwika. Ndinaima pomwe ndimaima masiku onse, kugwada nthawi yomwe ndimagwada. Anthu awa amamenya usanamalize kuganiza. Zisanu pa ine. Manyazi.

Za Ondrej zija, zambiri zinali zoti palibe akanagwira. Akumbuyo athu anamusiya yekha. Ndinaziona ndili pabenchi, kungoti sindinkafuna kuziona.

Wapagolo akatulutsidwa pakati pa masewero, palibe amamulankhula. Amakhala pakona ya benchi, aliyense n'kumayang'ana kwina ngati munthuyo wafedwa. Ondrej anakhala choncho mpaka kumapeto. Titalowa m'chipinda chovalira, iyeyo ndi amene anabwera kwa ine. Anandigogoda ndi ndodo pazotchinga miyendo. “Othamanga, eti mkulu? Nanenso ndimaopa.” Ndinangopitiriza kuvula.

Loweruka anaimanso iye. Tinagonja ziwiri kwa chimodzi. Anagwira mapaki omwe ine ndikanangowamva m'makutu. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ndinamutsegulira kachitseko potuluka.

Lachiwiri, 7 Novembala

A Kochi andiitanira mu ofesi. Khofi wozizira patebulo, maso ofiira. Akuti Lachisanu pagolo ndi panga. “Timu imeneyi unaibereka kumsana. Tauni ikufuna iwe, nanenso ndine munthu. Koma sindikukukakamiza.”

Sananene kuti ndine woposa. Ndinadikira pang'ono, dzanja pachitseko. Sananene.

Ndatuluka ndi chimwemwe. Pofika pagalimoto chinali chitatha. Ndakhala nthawi ndikupala ayezi pagalasi lomwe linali litayera kale.

Lachinayi, 9 Novembala

Chakudya sichikulowa. Mayeso a dzulo ndalemba zaziii.

Ndamuuza Skalko zomwe zikundizungulira m'mutu. Akuti ndapenga. “Zaka zitatu ukudya mapaki ndi chifuwa, lero nyama yapsa uipatse mlendo? Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, aise. Lowa. Zikavuta akutulutsa, basi.”

Ndiye vuto lake limenelo. Kutsogolera timu amayi ataimirira, kenako kubwerera pakona paja, bwalo lonse likuyang'ana kwina. Kapena choposa apo: a Kochi kuchita manyazi kunditulutsa pamaso pa tauni, zigoli n'kumangolowa, anzanga akukhetsa thukuta pachabe. Skalko yemweyo ali ndi chala chothyoka chomwe akubisa kuti asewere.

Komanso mwina Lachisanu lija linali tsiku loipa chabe. Wapagolo aliyense amakhala nalo. Ndaonera kanema wa masewerowo kufuna kupeza pomwe ndinalakwitsa, kuti ndikonze. Palibe chokonza. Ndikungochedwa.

Chaka chino n'chomaliza kwa ine. Tsiku ngati la mawa silidzabweranso.

Ondrej wamva kuti ndi ine. Wadzandigwira chanza, akuti zabwino zonse mkulu. Akanakhala wamwano bwenzi zinthu zitaphweka.

Amayi aimba. Agula juzi ya mtundu wa timu. Akufunsa ngati ndikudya.

Lachisanu, 10 Novembala

M'mawa. Ndawapeza a Kochi asanavule n'komwe jekete. Ndangoti pagolo aime Ondrej. Andiyang'ana. Kenako agwedeza mutu movomera, n'kunena kuti zikomo.

Sanatsutse. Ndinapita ndi mayankho okonzakonza oti ndiwapatse akatsutsa, onse ndabwerera nawo. Chimenechi ndicho chandipweteka kuposa zigoli zisanu zija.

Ondrej atamva wabwera kwa ine. Ndamuuza kuti ngodya ya kumanzere ya bwalo lino imabweza paki mokhota, asamale. Skalko sakundilankhula.

Masana. M'galimoto, panja pa bwalo, injini ikulira kuti ndifunde. Anthu ayamba kale kufika, mzere mpaka kumsewu. Sindinaonepo tauni yathu yochuluka chonchi. Amalume a Vern ali apo, chikatoni m'manja, dzina langa atalilemba ndi penti yofiira. Zilembo zomaliza zapanikizana, malo anawathera.

Ndachita choyenera. Ndikudziwa. Koma mtima ukuwawa ngati ndaba.

Amayi sindinawauzebe. Foni yakhala pamwendo pano chiyambire m'mawa, ndikungoiyang'ana. Ndimati ndiwapeza asanalowe, penapake popanda anthu.

Awo. Akutsika m'galimoto ya abusa, juzi yatsopano pamwamba pa jekete, tsitsi atakonzetsa. Aiona galimoto yanga. Akubwera kuno, akuseka, manja onse m'mwamba, akuitana azakhali kuti adzaone mwana wawo. Ndiyambira pati? Ndingoti amayi, khalani kaye pansi, ndingoti... Afika pazenera.