Munthu wa Shati Yoyera pa Tivi ya ba Donald

Lamlungu, 7 Ogasiti 1994

Ndamuona Phinias. Mwamuna wanga. Pa tivi ya ba Donald, aphunzitsi a pano pa Chinyunyu.

Ine ndinangopita kukasiya zitumbuwa kwa akazi awo. Anthu tho m'nyumba, batire la galimoto pansi pa tebulo. Sewero latsopano la Lamlungu lililonse, ati analitenga m'buku lina lokamba za chipolowe cha ufa chija cha mu Lusaka. Koma poyambira pake aikapo zithunzi zenizeni za mu Juni 1990. Utsi, apolisi, anthu chothamanga. Pakati pa gulu, munthu wa shati yoyera, thumba paphewa. Acheuka, ayang'ana kuno. Basi, nyimbo.

Sabata yomweyo ndiyo anakwera basi ya ku Lusaka pamsewu apa, osabweranso. Zaka zinayi. Sindinauze munthu.

Lamlungu, 14 Ogasiti

Ndinatenga mlamu wanga Estina, mlongo wake, kuti akaone yekha. Akuti, "Amulamu, anthu a mashati oyera ndi angati mu Lusaka?" Koma dzanja lake linandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

Lero Phinias anayang'ana kuno nthawi yaitali kuposa sabata yatha. Ba Donald aseka, ati tepi ndi imodzimodzi, singasinthe. Aseke. Mkazi wa Phinias ndine.

Lachitatu, 17 Ogasiti

Ufa wa tirigu wakweranso. Mafuta osanena. Nyuzipepala zakale zokulungira zitumbuwa ndatenga kwa kondakitala wa basi ya ku Chipata. Ndisanang'ambe ndimayamba ndawerenga tsamba la makalata a owerenga. Onse ndi sewero lomweli! Wina wa ku Kabwata akulira kuti aononga buku, m'buku mtsikana safa. Wina akuti amene anachita chipolowe ndiwo anatsegula anthu maso, tiwalemekeze. Ndiye wina wa ku Ndola, wamwano: "Ngwazi zanji? Onani mbala ya shati yoyera ikuthawa ndi thumba la ufa."

Mbala! Phinias amene ankabweza ngakhale chenje chopitirira pa grosale? Ndinakulunga zitumbuwa za woledzera ndi kalata imeneyo. Mtima ukuwawabe.

Loweruka, 20 Ogasiti

Apongozi abwera ndi akuluakulu a kwao. Atopa kudikira. Pa 3 Seputembala adzaika zovala za Phinias m'manda m'malo mwa thupi, atimete, andimasule. Akuti mwana wanga Rejoice akudwaladwala chifukwa atate ake alibe pogona.

Ndinati dikirani, ndamuona pa tivi. Apongozi anangoti, "Waona wa zaka zinayi zapitazo, mwananga. Wa lero ali kuti?"

Lamlungu, 21 Ogasiti

Mphepo ya Ogasiti yatembenuza eriyo ya tivi pamtengo. Mawu kulibe, chithunzi mchenga wokhawokha. Apolisi osaoneka, utsi osaoneka. Shati yokha, mbee, ikuyenda pakati pa mchengawo. Kenaka nkhope. Mayi wina anafuula natuluka, sanabwererenso. Ine ndinakhala mpaka batire kutha.

Pobwera ndinadutsa pa kasupe wathu wa madzi otentha. Nthunzi ikukwera dzuwa likadalipo. Ndinacheuka kawiri, ndikumva ngati wina akubwera kumbuyo ndi katundu. Palibe.

Lachinayi, 25 Ogasiti

Rejoice malungo. Malonda zii, mabasi akungodutsa. Makalata akukanganabe. Manje ena akuti achotse zithunzi zenizenizo, anthu anafa masiku aja, si zoseweretsa. Akachotsa ndidzamuonera kuti? Ndayamba kulemba yanga yoti asachotse. Chizungu chikundithawa, sitampa ndilibe.

Lachiwiri, 30 Ogasiti

Nyuzipepala ya sabata yatha, pansi penipeni pa tsamba. Ndawerenga mpaka maso kuwawa. Akuti:

"Ndine munthu wa shati yoyera amene ena akumutcha mbala. M'thumba lija munalibe ufa. Munali nsapato za sukulu za mwana ndi singano za makina osokera. Chonde chotsani nkhope yanga. Ndili ndi mkazi ndi ana aang'ono kuno, anthu ayamba kundifunsa mafunso. Zakale zisiyeni zigone."

Dzina palibe. Angolemba kuti Wosalakwa, Kafue.

Nsapato za Rejoice, chaka chija amayamba sukulu. Singano za makina anga, makina amene ndinagulitsa kuti ndipeze ya basi yokamfunafuna. Za singanozo ndinamuuza ali kale pakhomo la basi. Palibe wina anamva.

Ali moyo.

Lachinayi, 1 Seputembala

Dzulo sindinakazinge. Ndinangokhala.

Ine amene ndinalowa m'nyumba ya mitembo mu Lusaka, kuvundukula nkhope za amuna a eni. Ine woyenda ku polisi, ku ndende, kwa asing'anga. Rejoice kupita kusukulu opanda nsapato. Iye ali pa Kafue pompa, akubala ana, akulemba Chizungu chosalala m'nyuzipepala. Chomuwawa n'choti amutcha mbala. Wosalakwa! Galu.

Komanso, Mulungu andikhululukire, ndinanunkhiza pepalalo. Mafuta okhaokha.

Lachisanu, 2 Seputembala

Estina wabwera kudzatenga zovala. Buluku lakuda, jekete la ukwati, chipewa. Pozipinda akulira, akuti, "Achimwene akanakhala moyo sakanakusiyani, amulamu." Pepala lili pachifuwa panga, m'kati mwa bulauzi. Pakamwa ndinatsegula. Ndinamufunsa ngati mowa wa maliro wapsa.

Ndikaonetsa apongozi pepalali, mawa palibe maliro. Akwera basi, akamupeza, abwera naye kapena abwera ndi manyazi. Ine ndikhala mkazi wa munthu wa ku Kafue mpaka imvi. Rejoice adziwa kuti sanafe, anangosankha ana ena.

Loweruka, 3 Seputembala

Bokosi laling'ono ngati la mwana. Lopepuka, anyamata awiri chabe. Kumanda mphepo inaleka, mitengo njo, ngakhale mbalame osamveka.

Asanatsitse, apongozi anandikokera pambali. Maso awo ali pa ine, osaphethira. Akuti, "Edness, ukudziwa mwambo. Tikaika zovala za munthu wamoyo, dothi limamuitana. Samaliza chaka. Ngati wamvapo kanthu, kalikonse, nena tsopano."

Anthu onse akudikira. Rejoice wagwira chitenje changa, thupi lotentha. Pepala likundikanda pakhungu.

Ndinati, "Ikani, amayi."

Dothi loyamba ndinaponya ndine. Ndinalira kuposa onse, ndipo sindinali kunamizira.

Andimeta. Kumutu kukuzizira.